Dzanja Lamanzere

Zaka makumi atatu ndakhala ndikukhoma ndowa
kuseri kwa msika wa Kasungu.
Dzanja lamanja ndiye bwana:
kunyamula hamala, kulandira ndalama, kupereka moni.
Lamanzere lake n'kugwirira lata
ndi kulandira zophonya za mnzake.

Lero, imvi zili mbuu,
ndaima pamzere ndi ana a sitandade seveni,
kang'oma ka mawaya kunsi
kakulendewera pamimba panga ngati mwana wa eni.
Mphunzitsi ndi Zione, wa fomu thu,
yemwe mayi ake ndinawakhomera mbaula chaka chatha.
Ulemu amandipatsa, chisoni ayi.

"Bambo Kachere, musaimenye ngati yakuberani.
Ndodoyo imasuleni, ibwerera yokha."
Ibwerera yokha?
Ine chomwe ndidziwa n'kumenya
mpaka chitsulo chigonje.

Manja, manzere, manja-manja.
Manzere, manja, manzere-manzere.
Apo, pa manzere-manzere,
mpamene ndimagwera tsiku ndi tsiku
ngati njinga pa dzenje lomwe umalidziwa kale.

Ng'oma ndi ya mpingo, imagona mokiya.
Kunyumba ndinakhomerera chubu pa thabwa,
ndodo ndinasema ndekha, ina yolemererapo.
Usiku Alinesi amatembenuka:
"Masana phokoso, usiku phokoso,
kodi ndinakwatiwa ndi chigayo?"
Ndimatuluka nalo panja thabwa langa,
agalu a aneba n'kumandiyankha.

Sindinamuuzepo Alinesi
kuti ndili mwana bandi inadutsa pamsewu wa kwathu ku Chatoloma,
mabatani akung'anima,
ndipo ndinailondola wopanda nsapato mpaka dzuwa kupendeka.
Mbuzi zinalowa mu nazale ya fodya.
Chikwapu cha bambo ndinaiwala,
koma kung'ung'uza kwa ng'oma ija
kwakhala m'khutu muno chikhalire,
pansi pa kulira kwa ndowa zonse.

Kuimba uli chiimire n'kwina,
kuimba ukuguba n'kwinanso.
Pabwalo la sukulu, fumbi la Okutobala kobo,
miyendo ikakhoza, manja aiwala;
manja akakumbuka, ndaponda chidendene cha mwana wa lipenga.
Anyamata a kabaza amaimika njinga:
"Madala, mwasowa chochita?"
Ndimafuna kuwaponyera mwambi,
koma mpweya umakhala utatha.
Zione alibe miyambi.
Mawu ake ndi amodzi: "Tibwerezenso."

Tsono Lachitatu lina,
mutu uli pa mtengo wa malata umene wakweranso,
zala zinaiwala kuumirira.
Ndodo zinadumpha zokha.
Trrrrrrr!
ngati mvula yoyamba padenga,
lamanzere ndi lamanja osadziwika wamkulu ndani.
Ndinapuma katatu, basi zinatha.
Ndinacheuka.
Palibe anamva.
Zione anali kukalipira wa ng'oma yaikulu.

Loweruka tinaperekeza ukwati
kuchoka kutchalitchi kukafika kuholo.
Anandiika kumbuyo kwenikweni,
jekete ya yunifolomu yokana kutseka pamimba.
Ndinalakwitsa kawiri, mwina kanayi;
nthungululu zinandibisa.
Pafupi ndi depoti ndinaona kamnyamata kopanda nsapato
kakutilondola m'mbali mwa msewu,
maso ali pa manja anga.
Ndinawongola msana.
Kumbuyo kwake Alinesi, dengu lili pamutu,
akunamizira kusankha tomato.

Lolemba ndabwerera ku ndowa zanga.
Mayi wina wabwera kudzatenga yake,
wapeza ndaivundikira pamaondo,
zala zamanzere zikuyenda zokha patsinde pake,
manzere, manja, manzere-manzere.
"Bwanji, ikudontha?"
"Ayi mayi, ndikungoiyesa."